Tsitsi la pa Pasipoti

Ndikukumbukira kolido ya nyumba ya njerwa zofiira yomwe tinkakhala ku Hyattsville, makamaka fungo lake. M'mawa inkanunkhira lubani, masana sopo wochokera ku makina ochapira a pansi, madzulo anyezi wa mabanja ambiri okazinga nthawi imodzi. Ine ndi agogo anga, aNambewe, tinkakhala m'kafulati ka pansi ka chipinda chimodzi, komwe zenera lake linkangoonetsa miyendo ya anthu opita kokwerera basi. Anthu ambiri a m'deralo ndinkawadziwa ndi nsapato zawo. Pamwamba penipeni pankakhala banja la a Kamwendo, omwe anatibweretsa ku America. Bambo Kamwendo ankagwira ntchito ya boma lathu mumzinda wa Washington, ndipo agogo ankawaphikira ndi kuwalerera ana awiri, Linda wamsinkhu wanga ndi kamlongo kake.

Tinabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo anga sindinawaone. Mayi anga anadwala chaka chathunthu kwathu ku Dedza, ndipo ataona kuti sachira anapempha agogo kuti popita kunja anditenge. Mapepala anakonzedwa mayi akadali moyo. Tsiku lokajambulitsa chithunzi cha pasipoti anandimanga tsitsi okha ndi ulusi wakuda, atakhala pamphasa atatsamira khoma, akupumulira pa mzere uliwonse. Anamwalira kutatsala sabata imodzi kuti tinyamuke.

Kwathu maliro akaikidwa, pakapita masiku ochepa achibale amasonkhana kuseri kwa nyumba n'kumetana. Ndi pamene anthu amati maliro atha. Ochokera kutali amatsanzika, mphasa zimakulungidwa, ana amaloledwanso kusewera. Tsiku limenelo ndinaima pamzere ngati wina aliyense. Nditafika pampando, amalume ena anagwira dzanja la wometayo. Anati pachithunzi ndili ndi tsitsi, ndipo ndikakafika kwa azungu ndi mpala akanena kuti si mwana yemweyo, akandibweza. Palibe anatsutsa, pakuti pagulu lonselo panalibe yemwe anakwerapo ndege. Agogo anametedwa chifukwa pachithunzi chawo anali atavala duku. Ine anandiuza kuti ndikasewere. Ndinakaima pafupi ndi nkhokwe, ndikuona akusesa tsitsi la anthu onse a pabanja pathu n'kukalikwirira.

Sindinafunse kanthu, tsiku limenelo ngakhale zaka zotsatira. Sindinali mwana wofunsa. Koma m'mutu mwanga nkhani inakhala yomveka bwino: maliro a mayi anatha kwa wina aliyense kupatula ine.

Ku Hyattsville agogo sanasiye khalidwe lodzuka kusanache n'kusesa. Popeza panalibe bwalo, ankasesa kolido, masitepe ndi kanjira kokafika pamsewu. Panali bambo wina wolembedwa ntchito imeneyo, koma ataona mmene zinthu zikuyendera anayamba kubwera mochedwa. Tsiku lina m'fulati yoyang'anana ndi yathu munalowa mayi wamfupi, watsitsi lalitali lomangidwa kumbuyo. M'mawa mwake agogo anapeza pakhomo pa mayiyo kapepala kophikiramo makeke, muli mpunga pang'ono, timaluwa tachikasu, kachidutswa ka bisiketi, ndi kamtengo ka lubani kakufuka. Anabwerera m'nyumba n'kundiuza kuti ndisayerekeze kuponda pamenepo. Kwathu zinthu zosiyidwa panjira mwadala sizikhala zabwino. Munthu amasamba tsoka lake n'kulisiya pamphambano kuti wina alitole ndi mapazi.

Masiku atatu tinadutsa m'kolidomo titamatirira kukhoma. Tsiku lachinayi agogo anapemphera, anawaza mchere, n'kusesa zonse kukataya m'bini. Anachita zimenezi kwa sabata ziwiri. M'mawa uliwonse mayi uja ankaikanso, agogo n'kusesanso, ndipo awiriwo sanaonanepo mpaka tsiku lomwe chitseko chinatseguka agogo ali chiweramire, tsache lili m'manja.

Sipanakhale mkangano. Mayiyo anayang'ana tsache, anayang'ana agogo, kenako anakodola ine. Chingerezi chake chinali chothyokathyoka, cha agogo chinali cha moni ndi zikomo, choncho ine ndinakhala pakamwa pa onse awiri. Anati dzina lake ndi Wayani, kwawo ndi pachilumba cha Bali ku Indonesia, ndipo amasita nsalu za pabedi ku hotela ina mumzinda. Kapepalako anati n'kothokozera kuti kwacha. Kwawo amaluka ndi masamba a kanjedza, koma kuno n'zomwe anapeza. Sanaletse kusesa. Anangopempha kuti agogo azidikira lubani azime, pakuti utsi ukatha chofunikacho chimakhala chapita kale.

Agogo anandiuza kuti ndimufunse ngati pali munthu yemwe akumulunjika nazo. Atamva kuti palibe, anaganiza pang'ono n'kunena kuti ndiye kuti ndi nsembe, ngati zomwe mayi awo ankachita ndi ufa patsinde pa mtengo asanalowe mpingo. Agogo anali mayi wa bulawuzi yoyera ya kumpingo, ndipo sananene kuti akugwirizana nazo. Anangosintha kasesedwe. Anayamba kumayambira panja, n'kumamalizira pakhomo pa Mayi Wayani utsi utatha. Loweruka lililonse awiriwo ankakumana kuchipinda chochapira, n'kumapindira limodzi nsalu za pabedi, wina mbali iyi wina mbali iyo, aliyense akuyankhula chinenero chake.

Chaka chomwe ndinakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi, Bambo Kamwendo anatumidwa ku msonkhano ku Indonesia, ndipo anaganiza zotenga banja lonse kuti msonkhano ukatha akapumule sabata imodzi ku Bali. Sukulu zinali zitangotsekera. Linda anadandaula kuti akasewera ndi ndani, ndipo amake anati anditenga ine. Agogo anakana okha kupita chifukwa cha mawondo, koma za ine anavomera tsiku lomwelo, n'kutsika masitepe akuimba pansipansi. Ine ndinali ndisanaonepo nyanja yamchere ndi maso, kupatula pa zenera la ndege. Usiku umenewo ndinatulutsa buku la mamapu la kusukulu n'kuyeza chilumbacho ndi chala. Chinabisika chonse pansi pa chikhadabo.

Amake Linda sankayenda ulendo osalemba. Loweruka masana anaitana Mayi Wayani kuti akwere kumwamba adzapereke malangizo. Anaphika tiyi, anatenga kope ndi cholembera. Bambo Kamwendo anakhala pakona atabisala m'nyuzipepala. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wa agogo, n'kumawamasulira chakukhutu.

Mayi Wayani anayamba ndi nyanja. Anati nyanja ya kumwera kwa chilumbacho imaoneka yofatsa koma pansi imakoka miyendo. Tizikasamba pakati pa mbendera ziwiri zomwe amazika pamchenga, ndipo tikaona yofiira tizingoviika mapazi. Madzi akakukoka usamalimbane nawo molunjika kumtunda, uzisambira chammbali mpaka akusiye. Dzuwa la masana tizikalithawa. Madzi a pampopi tisakamwe, tizikamwa a m'botolo kapena a kokonati yomwe yatemedwa ife tikuona. Wogulitsa pagombe akatchula mtengo tiziyamba taseka, iyenso aseka, ndiye kukambirana kuyambe. Amake Linda ankalemba zonse, ndi kusekako komwe.

Kenako anakamba za anyani. Anati pali kachisi wina pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja, komwe anyani amalanda magalasi, zipewa ndi ndolo, ndipo sabweza pokhapokha utawapatsa chipatso. Nyuzipepala ya pakona ija inatsika pang'ono, ndipo tinaona Bambo Kamwendo akukankhira magalasi awo pamphuno. Agogo anati anyani a ku Dedza amaba chimanga chifukwa cha njala, koma awa ndi a bizinesi.

Za ku kachisi zinali zambiri. Aliyense, amuna omwe, amavala nsalu yofika m'akakolo, n'kumanga kansalu kena m'chiuno. Mapewa azikhala ofunda. Wansembe akakhala pansi, iwe usaime pamalo okwera kumuposa. Usadutse kutsogolo kwa anthu opemphera, ndipo ngati palibe njira ina uziwerama. Popereka kapena polandira kanthu uzigwiritsa dzanja lamanja. Usagwire mutu wa munthu, ngakhale wa khanda lokongola bwanji. Nsembe zili paliponse, m'njira, pamasitepe, pamchenga, choncho uziyenda ukuyang'ana pansi. Apa Mayi Wayani anatembenukira kwa agogo, ndipo onse awiri anaseka ine ndisanamasulire.

"Ndiye mukwera ndege masiku awiri," anatero agogo, "kukaphunzira kuvala chitenje ndi kuwerama podutsa akuluakulu? Bwenzi mutangopita ku Dedza."

Langizo lomaliza Mayi Wayani analinena atatsitsa mawu, chifukwa cha bambo anali pakona aja. Anati pali anthu awiri omwe salowa m'kachisi: mkazi yemwe ali kumwezi, ndi munthu yemwe kwawo kunagwa maliro ndipo sanathe. Oterowo amadikira kunja kwa chipata. Anati palibe amafufuza, munthu amadziwa yekha. Amake Linda analemba gawo loyamba, ndipo za lachiwiri anati ife tilibe maliro, n'kutseka kope. Ine ndinamasulira gawo loyamba lokha. Agogo ananditembenukira n'kunena kuti mayiyo wayankhula zambiri koma ine ndanena zochepa. Ndinati ndi zomwezo basi.

Mawu oti palibe amafufuza ndi amene anandilemera. Kukanakhala munthu pachipata wofunsa, ndikanangomuyankha n'kumva zomwe anganene. Koma nkhaniyo anali atandisiyira ndekha. Ndinkadziona nditaima kunja kwa chipata nditanyamula zipewa za anthu, Linda akufunsa chifukwa chake pamaso pa makolo ake. Ndinkadzionanso nditalowa mwakachetechete ngati palibe kanthu, kenako tsiku lotsatira nyanja ija yokoka miyendo n'kutenga kamlongo ka Linda, ine ndekha ndikudziwa chomwe chachititsa. Lolemba m'mawa, agogo akumanga duku, ndinawauza kuti sindipita.

Agogo anayesa njira zonse zomwe ankadziwa. Anandifunsa ngati ndikuopa ndege, n'kundikumbutsa kuti pobwera ndinagona pafupifupi njira yonse. Anandifunsa ngati Linda wandinena. Anandikalipira, kenako anandigulira masokosi atsopano. Amake Linda atamva sanakweze mawu. Anati matikiti ayenera kutsimikizidwa Lolemba lotsatira, ndipo ngati sindisintha atenga mwana wa anzawo a ku Lanham. Anawonjezera kuti mwana wopanda mayi amafunika kuphunzira kulandira. Agogo anatsika masitepe tsiku limenelo osaimba. Ndinkadziwa kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu omwe anatipatsa pokhala. Linda anasiya kundiyankhula. Nthawi zonse ndikamuyankhula m'Chichewa ankandiyankha m'Chingerezi, koma sabata imeneyo sanandiyankhe m'chinenero chilichonse.

Loweruka tinatsikira kuchipinda chochapira monga mwa masiku onse. Munkatentha, munkanunkha sopo ndi simenti yonyowa, ndipo m'makina oumitsira munali batani lomwe linkagunda pa kuzungulira kulikonse. Agogo anali atawerama akutulutsa zovala. Mayi Wayani anandipatsa nsonga ziwiri za nsalu ya pabedi kuti tipinde, ndipo titayandikizana anandifunsa ngati ndi anyani. Ndinapukusa mutu. Anafunsa ngati ndi nyanja. Ndinapukusanso. Anadutsa malangizo ake onse mwandondomeko, ngati munthu wofufuza kiyi m'matumba, madzi a pampopi, dzuwa, nsalu, mpaka anafika pa lomaliza lija. Pamenepo mutu wanga sunagwedezeke.

Anafunsa kuti ndani. Ndinati mayi anga. Anafunsa kuti liti. Ndinati zaka zinayi zapitazo. Sanaseke, ngakhale ndinaona kuti nkhope yake yamasuka. Anati kwawo masikuwo amawerengedwa, kwa ena ochepa, kwa ena opitirira mwezi, kenako wansembe amakuwaza madzi ndipo umalowa ngati wina aliyense. Palibe amakhala kunja kwa chipata zaka zinayi. Kenako anandifunsa ngati kwathu tilibe njira yotsekera maliro. Ndinati timameta. Anayang'ana tsitsi langa, lomwe agogo anali atalimanga dzulo lake.

Agogo anali ataweramuka, pilokesi ili m'manja. Anafunsa kuti tikukambirana chiyani. Zaka zonsezo ndinali nditamasulira mawu a madokotala, aphunzitsi ndi ogulitsa m'sitolo, koma anga ndinali ndisanawamasulirepo.

"Akuti wa maliro osatha salowa m'kachisi," ndinatero. "Ine simunandimete, agogo."

Batani lija linagunda kangapo m'makina. Agogo anapinda pilokesiyo, anatenga ina n'kuipindanso, anamaliza mulu wonse n'kuuika m'basiketi. Atatero ndi pamene anandiyang'ana.

"Ndimayesa unaiwala," anatero. "Ndimati unali mwana."

Sanadikire madzulo. Anandigwira dzanja n'kukwera nane masitepe onse, mawondo akulira, mpaka kwa a Kamwendo. Anakhala pampando osayembekezera kuuzidwa, chinthu chomwe ndinali ndisanawaonepo akuchita m'nyumba imeneyo, n'kufotokoza nkhani yonse kuyambira pamzere wa ku Dedza uja. Anamaliza ndi kunena kuti Lolemba m'mawa andimeta mpala. Amake Linda anamvetsera dzanja lili pakamwa. Koma anali munthu woganizira zapatsogolo, ndipo anayamba kutchula zovuta. Anthu a kuno akaona mtsikana wometa amati akudwala kapena ali ndi nsabwe. Ana anzake amuseka. Ndipo nanga pasipoti, popeza pachithunzi mwanayo ali ndi tsitsi?

Bambo Kamwendo anaika nyuzipepala pansi, analowa kuchipinda, n'kubwera ndi pasipoti yawo. Anaitsegula patebulo. Pachithunzipo panali mnyamata wa tsitsi lodzaza, lopesedwa bwino, lokhala ndi seda kumanzere. Kenako anawerama pang'ono kutionetsa dazi lawo, lomwe linkanyezimira ndi kuwala kwa pazenera.

"Mutu uwu ndalowa nawo mayiko ambiri," anatero. "Palibe anandifunsapo komwe linapita."

Linda anaseka, amake anaseka, inenso ndinatsala pang'ono. Agogo okha sanaseke. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kufunsa ngati zikutanthauza kuti nthawi ija sakanandibweza. Bambo Kamwendo anasiya kumwetulira n'kunena kuti ayi, amayi, sakanamubweza. Agogo anagwedeza mutu n'kunena kuti tinalibe womufunsa. Amake Linda anadzuka, anapita kubafa, n'kubwera ndi lezala latsopano lili m'kapepala kake. Analipereka kwa agogo ndi manja awiri.

Lolemba agogo anasesa monga mwa masiku onse, kenako anatulutsa mpando wa kukhitchini kuseri kwa nyumba, pafupi ndi zingwe zoyanikira, pansi pa mtengo waukulu womwe masamba ake ankafiira chilimwe chikatha. Kunali kusanatenthe. Basi yoyamba inali itangodutsa. Anamasula ulusi mzere ndi mzere, anadula ndi sizasi, anapaka sopo, n'kuyamba kumeta kuchokera pachipumi. Lezala linkazizira, ndipo paliponse pomwe ladutsa ndinkamva mphepo ikundikhudza pamalo pomwe inali isanandikhudzepo. Mayi Wayani anali atavala kale yunifolomu ya kuntchito. Anayala nyuzipepala pansi n'kugwada akuigwira m'mbali kuti mphepo isauluze tsitsi. Mutu wanga sanaugwire ngakhale kamodzi. Amake Linda anatsika atamanga chitenje n'kuima chapatali manja ali kumbuyo, monga amaimira anthu pamaliro. Linda anayamba kuonera pazenera, kenako anabwera kudzagwira beseni.

Agogo ankayankhula akumeta, koma osati kwa ine. Anatchula dzina la mayi anga, lomwe ndinali ndisanalimve chichokereni ku Dedza.

"Feliya, mwana wako ndi uyu. Tinachedwa naye, utikhululukire. Wakula, sukulu akukhoza. Akupita kukaona nyanja."

Atamaliza ananditsuka mutu ndi madzi ofunda, anandipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kundimenya pang'ono paphewa.

"Maliro atha. Kasewere."

Tsitsilo analikulunga m'nyuzipepala n'kulikwirira patsinde pa mtengowo, atakumba ndi supuni yaikulu yakale. M'mawa mwake pamalopo panali kapepala ka makeke, muli mpunga ndi timaluwa tachikasu. Agogo anadikira utsi uthe monga mwa pangano lawo, koma sanasese. Tsache analiyendetsa mozungulira, ndipo kapepalako kanakhala pamenepo mpaka mvula inakatenga.

Ulendowo ndinapita. Nyanja inali monga momwe Mayi Wayani ananenera, yofunda, yaphokoso, yokumba mchenga pansi pa zidendene. Tinasamba pakati pa mbendera. Amake Linda ankayenda ndi kope lija m'chikwama, ndipo wogulitsa aliyense ankamuseka asanamalize kutchula mtengo. Nyani analanda magalasi a Bambo Kamwendo ngakhale anali atawamangirira ndi chingwe, ndipo anawabweza atalandira nthochi ziwiri, yoyamba ataikana. Langizo limodzi lokha Mayi Wayani anaiwala, poti sanayendepo ndi mpala. Chipewa ndinachisiya kuhotela poopa anyani, ndipo pofika tsiku lachitatu mutu wanga unali ukusendeka ngati mbatata yophika.

Pachipata cha kachisi woyamba panali bambo wokalamba yemwe ankabwereketsa nsalu kwa alendo. Ine sanandibwereke, pakuti ndinali nditavala chitenje cha agogo. Anangondimanga kansalu kachikasu m'chiuno, anayang'ana mutu wanga, n'kundilozera masitepe. Ndinaima pang'ono pa sitepe yomaliza ndikudzifunsa, poti palibe wina akanandifunsa. Kenako ndinalowa. Ndinkayembekezera nyumba yaikulu yamdima, koma ndinapeza bwalo lopanda denga, amayi akudutsa atasenza zipatso pamutu, utsi wa lubani wofanana ndi wa m'kolido mwathu. Pansi panali dothi loseseredwa m'mawa womwewo, mizere ya tsache ikuonekabe, yokhota chimodzimodzi ndi ya agogo.

Lero ndimakhala ku Annandale, tawuni ina ya kufupi ndi Washington. Ku Hyattsville tsopano kumafika sitima, ndipo m'kolido muja anayalamo kapeti yomwe amayeretsa ndi makina kamodzi pa sabata. Mtengo uja anaudula kuti awonjezere malo oimika magalimoto. Mayi Wayani anabwerera kwawo ndili ku sekondale, ndipo makalata athu anatha pang'onopang'ono monga amathera makalata. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anapita ku Bali ndi anzake. Malangizo anawerenga pafoni, ali chigonere pasofa, ndipo anali omwe aja: mbendera, madzi a m'botolo, anyani, nsalu. La maliro linaliponso, kamzere kamodzi chakumunsi. Anadutsapo ndi chala osaima.

Agogo anabwerera ku Dedza pamodzi ndi a Kamwendo ntchito yawo itatha, ine n'kutsala chifukwa cha sukulu. Agogo atamwalira ndinafika patapita masiku awiri ataikidwa. Ndinapeza kuti kumeta kunasintha. Ena ankangodula pang'ono pachipumi, ena osadula n'komwe, ndipo asuweni anga anati zimenezo n'zakale, tsitsi la masiku ano ndi lodula mtengo. Sindinatsutsane nawo. Ndinatuma mwana kukagula lezala kugolosale, ndinatulutsa mpando kuseri kwa nyumba, n'kupempha azakhali anga kuti andimete mpala. Asanayambe anaima, lezala lili m'manja, n'kundifunsa ngati ku America akandilandire ndili chonchi, popeza pachithunzi ndili ndi tsitsi. Ndinati metani, azakhali, ndinafunsa kale.

Pobwerera, bambo wa pabwalo la ndege anatsegula pasipoti yanga, anayang'ana chithunzi, anayang'ana nkhope yanga, n'kudinda.